Chishalo Chimene Anamanga Apongozi

Zimandinyansa ine. Munthu wagula njinga dzulo, lero akundiuza kuti chishalo chabwino n'cha masipuling'i. Akuuza ine, amene ndinkanyamula makalata a mishoni kuchoka ku Embangweni mpaka ku Boma msewu usanalimidwe!

Mzungu wa pamishonipo pondipatsa njinga ya ntchitoyo anaika zishalo ziwiri patebulo, zonse zachikopa, kuti ndisankhe. Ndinatenga cha masipuling'i. Tsiku limodzi basi. Pamizu ndi pamiyala chinkandiponya m'mwamba ngati thole lokana goli, mbwenu ndinakagwera m'dambo, makalata onse n'kunyowa. Mzungu anati, "Ukalakwitsanso, njinga ndipatsa wina."

Ndinatenga chinacho, chopanda masipuling'i, chouma gwa ngati mpini wa khasu. Njinga inayamba kundimvera, koma chishalo chinandidya. Masabata awiri ndinkayenda chotangadza.

Kwathu chikopa chikauma timachipaka mafuta a ng'ombe n'kuchifufuta. Ndinatero, chitsiru ine, n'kuchiikanso padzuwa kuti chimwe bwino. Chinafewadi. Chinafewa mpaka pakati panalowa, m'mbali n'kutambasuka ngati makutu a ng'ombe, ine n'kumakhalira chitsulo chenicheni. Lachisanu theka la ulendo ndinachita kukankha. Ndinadziwa kuti Lolemba ndikachedwa, ntchito yatha.

Pobwerera ndinapatukira kwa apongozi ku Engutwini. Mkulu ameneyo ndiye ankasoka zishango za ovina ingoma. Koma tandiuzani, mkamwini angatchule bwanji kwa apongozi ake malo amene akupwetekawo? Ndinagwada patali, movutika, n'kuwomba m'manja.

Anandiyang'ana magwadidwe, kenako anayang'ana njinga.

"Njinga yanu ikudwala, akamwini."

"Ikudwala chomene, adada."

"Ndaiona. Yayamba kutsimphina kumtsinje kuja."

Iwo osaseka ngakhale pang'ono. Apongozi aakazi ndiwo anathawira kuseri kwa nkhokwe atagwira pakamwa.

Mkuluyo anamasula chishalocho, ananunkhiza, anapukusa mutu. Anachikwirira m'phulusa lofunda kuti liyamwe mafuta. Kenako anawotcha msomali, n'kuboola m'mbali zonse ziwiri, mabowo olingana ngati ayeza ndi lula ya kusukulu. Anacheka kachingwe pachikopa cha pakhosi pa nkhunzi, anakalowetsa uku ndi uku pansi pake, n'kukoka ndi mano. Pakati paja panadzuka. Anadina ndi chala, anamasula pang'ono, anadinanso. Manja amenewo sindinawaonenso kwina.

"Chikopa chikhale ndi msana," anatero. "Mafuta mumpatse mkazi wanu akazingire nkhwani."

"Yewo, adada."

Lolemba ndinafika ku Boma msilikali asanakweze mbendera, makalata ali ouma. Mzungu sananenenso za kupatsa wina. Chishalo chija chinatenga maonekedwe a thupi langa, ndipo mpaka lero wina akakwerapo amatsika akudandaula.

Mkulu ameneyo anamwalira asanakwerepo njinga. Ndiye wina andiuze za masipuling'i!