Kapumidwe ka amayi kamveka pa foni

Mwaswera bwanji nonse.

Amayi anabanika m'mawa uno akuphika, m'chifuwa mukulira ngati likhweru. Alamu a Esinati anandiuza kuti ndijambule kapumidweko pa foni tisanakwere kabaza.

Pofika kuchipatala ku Limbuli zinali zitaleka. Adokotala atafunsa, mukuwadziwa amayi, anangoti, “Ndili bwino bambo, anawa ndi amantha chabe.” Ine ndinangoyatsa foni. Adokotala atamvetsera anati pa Chingerezi kapumidwe kameneka amati wheezing, ndipo ndi mphumu, osati kuwefuka kwa ukalamba monga tinkaganizira.

Atipatsa mankhwala opopera m'kamwa. Pano amayi agona, akupuma mwakachetechete moti ndikumangosuzumira kuchipindako.

Alamu, Mulungu akudalitseni.

Nanga khitchini yautsi ija, tiboole windo kapena timange ina? Eniake akukana zonse, ati ali bwino.