Tsiku Limene Ndinanjutira Amalume

Mundikhululukire, inu odziwa kulemba, kuti ine woyambira sukulu ya kumudzi ndayerekeza kugwira cholembera. Koma nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri pamene ananditumiza ku sukulu ya mishoni ku Blantyre. Kwathu mnyamata akamalankhula ndi wamkulu amanjuta, maso pansi. Tsiku loyamba aphunzitsi atalowa, anzanga onse anaimirira, ine ndinatsika pa benchi n'kunjuta. Ndinalandira zikoti zitatu chifukwa cha mwano, ndiponso dzina lakuti Chule.

Ndinalimbikira kuti dzinalo life. Ndinaphunzira kuima njo ndi kuyang'ana wamkulu m'maso. Anyamata a m'tauni ndinkawasesera mbali yawo ya chipinda chogona. Akaseka, nane ndinkaseka ndisanamve n'komwe nthabwalayo. Patapita miyezi anayamba kundiitana ku mpira wawo wansanza, ndipo za Chule zinazilala.

Tsiku lina masana mzere wa amtengatenga ochokera ku Shire unadutsa pafupi ndi bwalo lathu, kulowera ku masitolo. Mmodzi anatula katundu, napukuta thukuta, nandiitana. Anali amalume, omwe anagulitsa mbuzi yawo kuti ndipeze malaya ndinavalawo.

Mtsogoleri wa gulu lathu anandinong'oneza: "Iwe, ukanjutira wopanda malaya uyo, mpira wathu usadzaugundenso."

"Mphwanga, wakulatu!" anatero amalume. "Amayi ako akutumizira mtedza uwu."

Ndikanatha kuima, kulandira ndi dzanja limodzi, nkhani n'kutha. Koma ndinaona mapazi awo ong'aluka ndi ulendo. Ndinanjuta pafumbi, ndinawomba m'manja mosafulumira kuti aliyense aone bwino, n'kulandira ndi manja awiri.

Kumbuyo kwanga anyamata anayamba kulira ngati achule a m'dambo. Sindinacheuke. Ndinafunsa za amayi, za mvula, za mbuzi zotsala, mpaka kapitawo wa amtengatenga anakuwa kuti ulendo upitirire.

Ku mpira sanandiitanenso. Dzina lija linabwerera, koma tsopano ndinkaliyankha mokweza: "Ndine pano!" Mmawa wina mtsogoleri uja anandiponyera tsache monga mwa masiku onse. Ndinaliyang'ana, ndinamuyang'ana iye m'maso monga anandiphunzitsira iwo omwe, n'kulisiya pomwe linagwera.

Zosesera anthu kuti andikonde zinathera pamenepo, Lachisanu lomaliza tisanatsekere Khirisimasi, chaka changa choyamba ku mishoni.