Mphira ya pa njinga ya amalume

Mphira ija inali yakuda, yodula ku chubu chakale, yotalika mikono iwiri. Amalume ankamangira nayo chilichonse pa kaliyala wa njinga yawo: thumba la feteleza, mbuzi, ngakhale benchi ya kutchalitchi. Ukaigwira m'mawa, dzanja linkanunkha mpaka madzulo. Mu ambulansi yomwe ndimagwiramo ntchito lero muli malamba abwino ogula, koma ndikamawatola ndimakumbukirabe mphira imeneyo.

Chaka chimenecho ndinali giredi faifi. Bambo atamwalira tinabwerera kwawo kwa amayi ku Magodi, ndipo amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo ankatisunga ndi munda wawo wa fodya. Ndisabise, ndinali mtsikana wokonda kuyamikiridwa. M'kalasi dzanja langa linkakwera aphunzitsi asanamalize funso.

Aphunzitsiwo ndi amene anatiuza za njoka. "Ikaluma munthu, mangani pamwamba pa bala, ndipo mumange zolimba kuti ululu usakwere kumtima." Anationetsa pa mwendo wa desiki. Sindiwaimba mlandu. Nawonso anaphunzitsidwa choncho, ndipo mudzi wonse unkadziwa zomwezo.

Linali Loweruka m'mawa, mkati mwa dzinja, tikuthyola masamba a m'munsi. Manja anali atada ndi utomoni wa fodya, zovala zitanyowa ndi mame. Amalume anaponda mphiri yomwe inagona mumzere. Sanakuwe. Anangokhala pansi n'kunena m'Chitumbuka chathu kuti, "Yaniluma." Amayi anathamangira kumudzi kukaitana anthu. Ine ndinathamangira kunjinga yomwe inatsamira pamtengo, n'kumasula mphira. Ndinaizunguliza katatu m'munsi mwa bondo, ndikukoka ndi mphamvu zanga zonse phazi nditaponda pachitsa. Mfundo yake ndinkaidziwa bwino, poti ndi amalume omwewo anandiphunzitsa pomanga matumba.

Amuna a m'mudzi atafika anayesa mphirayo ndi chala, chala osalowa. Wina anati sukulu ndi yabwino ndithu. Mtima wanga unadzaza, mpaka ndinaiwala kuti pali munthu akumva ululu.

Tinawakweza pangolo ya ng'ombe. Mtsinje unali utadzaza, choncho tinadikira kutsidya kuno mpaka madzi ataphwerako. Tinafika pamsewu dzuwa litapendeka, n'kupeza lole yopita kuboma. Ulendo wonsewo ndinakhala pafupi ndi mwendo, ndikulondera mfundo yanga. Kawiri konse amalume anapempha kuti timasuleko pang'ono. Ine ndinakana, ndinati aphunzitsi anatero, ndipo amayi anandivomereza. Phazi linatupa, linada, ndipo nditalikhudza linali lozizira ngati mwala wa kudambo.

Kuchipatala cha ku Lundazi tinalandiridwa ndi dokotala wachinyamata wolankhula Chinyanja cha ku Chipata. Anafunsa nthawi yomwe njoka inaluma. Atamva, nkhope yake inasintha.

"Anamanga ici ni ndani?"

Dzanja langa linakwera lokha, ngati m'kalasi. Amalume analigwira n'kulitsitsa.

"Nakaka nekha," anatero. Kenaka anabwereza m'Chinyanja kuti dokotalayo amve bwino: "Ndamanga ndekha."

Anandiuza kuti ndikadikire pakhonde. Ndili pomwepo ndinkamva dokotala akuwakalipira amalume, munthu wamkulu, anthu akumva. Mawu ake sindinawagwire. Patapita masiku anayi, mwendo anaudula.

Kumudzi anthu ankati mphiri ilibe chisoni, nkhani n'kuthera pomwepo. Fodya anatithandiza kukolola ndi a kutchalitchi. Amalume anasiya kulima, n'kuyamba kumata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili pambali. Ine ndinawasungira mkwiyo mpaka nyengo yosankha fodya inatha. Akandituma madzi, ndinkaika kapu patali pang'ono kuti avutike pofikira. Za kapu imeneyo ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Ntchito ya ambulansi ndinaisankha chifukwa cha tsiku limenelo. Ndinkakhulupirira kuti ndinapulumutsa munthu ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinanena zimenezi monyadira pa mayeso olowera maphunziro a chithandizo chadzidzidzi. Mwezi wachitatu wa maphunzirowo tinafika pa mutu wa njoka. Wotiphunzitsa anati wolumidwa ndi mphiri samangidwa. Magazi akaleka kuyenda, ululu umaunjikana pamalo amodzi ndipo mnofu umafa. Ndinawerenga maola ndi zala pansi pa desiki, kuchokera kumunda mpaka kuchipatala. Anakwana asanu ndi atatu. Ndinatuluka panja n'kukakhala pamasitepe mpaka phunziro linatha.

Palibe amene angalumbire kuti mwendowo ukanapulumuka popanda mphira. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri, ndipo n'zoona, koma sizinditonthoza kwenikweni. Amalume anali atamwalira kale zaka ziwiri m'mbuyomo. Nditawafunsa amayi patchuthi, sanasiye n'komwe kusenda mtedza. "Adokotala anatiuza tsiku lomwelo," anatero. "Amalume ako anati mwana asamve."

Masiku ano tikaitanidwa ku Kapichila kapena kwathu konko, ndimapezabe miyendo yomangidwa ndi mphira, chitenje, nthawi zina luzi. Ndimafunsa nthawi yomwe anamanga. Ndimawaphunzitsa onse amene aima pamenepo, pamodzi. Koma sindifunsa kuti wamanga ndani.

Tsiku lomwe anatuluka m'chipatala ndinawafunsa amalume, misozi ili m'maso, kuti ananamiranji kwa dokotala pomwe anaona okha kuti ndinamanga ndine. Anati ululu unawasokoneza mutu, anaiwala. Sindinawakhulupirire. Ndinayenda patsogolo pawo mpaka pokwerera basi, osatembenuka, ndikudabwa kuti munthu wamkulu chonchi angalande bwanji mwana chinthu chake chomwe anachita bwino.