Adaputa yokwana bwino, koma yosaonetsa kanthu

Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi kuchokera ku Vinthukutu kupita pa boma la Karonga nditafungatira kompyuta pamiyendo, monita ili m'katoni kumapazi. Sindinkapita kukakonzetsa ayi. Ndinkapita kukagwira wakuba.

Ndiyambe pachiyambi. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 pasukulu ina yoyendera kuno, ndipo ine ndili m'komiti ya makolo. Sukuluyi ili ndi makompyuta asanu ndi atatu akalekale. Mamonita ake, zoonerapo zija, anali atatheratu: ena akuphethira, ena akuonetsa chilichonse chobiriwira. Mwezi watha anthu amene anaphunzira pano kale anatitumizira mamonita atsopano, opyapyala, onyezimira. Tinaomba m'manja, tinajambulitsa zithunzi, akale aja n'kuwataya tsiku lomwelo.

M'mawa mwake aphunzitsi a Msowoya, amene amasunga makiyi a chipinda cha makompyuta, anabwera ndi nkhani. Akuti zingwe sizikugwirizana. Kumbuyo kwa kompyuta kuli polumikizira pabuluu pa timabowo khumi ndi tisanu, amati VGA. Kumbuyo kwa monita yatsopano kuli kampata kopyapyala, amati HDMI. Pakufunika adaputa, kachipangizo kolumikiza ziwirizi.

Komiti inatuma ine, poti ndimapita pa boma kawirikawiri. A Msowoya anandilembera kapepala, koma ndinakasiya m'thumba la malaya ena. Ndinati vuto n'chiyani, mayina awiri okha? Ndinalowa m'shopu ina n'kunena kuti ndikufuna ma adaputa asanu ndi atatu a HDMI ndi VGA.

"Izi zikwana, bwana," anatero wogulitsa. "Zawoloka Songwe kuchokera ku Tanzania dzulo dzuloli."

Zinakwanadi. Mbali iyi tswii, mbali inayo tswii. Tinayatsa makompyuta onse. Mamonita onse asanu ndi atatu bii!

A Msowoya anatembenuza adaputa imodzi m'manja, n'kunena motsitsa mawu: "Adada, zimene mwagulazi n'zoyang'ana kwina."

Ndinapsa mtima. Zoyang'ana kwina bwanji, chinthu chalowa bwinobwino? Kodi ndi ngolo kuti ng'ombe tazimangira kumbuyo? Ndinaona ngati munthuyu akufuna kundiponyera mlandu pamaso pa komiti. Ndipo mumtima ndinayamba kufunsa: akubisa chiyani?

Inu owerenga mukudziwa mmene zimayendera. Mmodzi akafunsa mumtima, pofika madzulo mudzi wonse wayankha. Wina anakumbukira kuti mlamu wawo wa a Msowoya amachita geni ya ku Tanzania. Wina anati anawaona Loweruka akutuluka m'chipindamo ndi chikwama chotupa. Wina anafunsa kumene kwachokera matayala atsopano a njinga yawo. Pofika Lamlungu, potuluka m'tchalitchi, nkhani inali itapsa: aphunzitsi anachotsa zam'kati mwa makompyuta n'kugulitsa, zatsala ndi zikhokhombe.

Ine sindinayambitse bodzalo. Koma pamene wapampando wathu, a Mkandawire, anati Lachisanu tikumane tilembe kalata yoti mphunzitsiyu achotsedwe, ndinagwedeza mutu kawiri konse movomereza. Munthu waphunzitsa pano zaka zisanu ndi ziwiri, ana ake akuphunzira pomwepa, koma ndinagwedeza.

Ndiye ulendo wa Lachiwiri uja. Ndinkafuna umboni woti ndikauike patebulo Lachisanu.

Pafupi ndi msika pali mayi wina wokonza mafoni ndi makompyuta, Nyagondwe. Ndinamuuza mosabisa kuti atsegule, andiuze zimene zachotsedwa. Anamasula zomangira, anasuzumira, n'kuyetsemula.

"Muno mwachoka chiyani? Fumbi ili ndi la zaka. Munthu akanagwiramo zala zake zikanaoneka. Ndionetseni adaputa."

Ndinam'patsa. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Adada, wakugulitsani ndani? Iyi imatenga chithunzi ku kompyuta yatsopano kupita ku monita yakale. Inu muli ndi kompyuta yakale, monita yatsopano. Taonani kamuvi aka. Chinthuchi chimayenda mbali imodzi basi, ngati madzi mu ngalande zothirira mpunga ku Hara. Sangakwere okha kubwerera kumtunda."

Anatulutsa ina m'kabati, yofanana ndithu ndi yanga, kungoti ili ndi kachingwe kena kowonjezera kotengera moto pa USB. Analumikiza. Monita ija ngwee! Mafayilo a ana onse ali pomwepo, mpaka kalata ya mwana wanga yoyeserera kupempha ntchito.

Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu, ndipo silinali la kutentha kwa Karonga. Ndinachita manyazi kwambiri. Wakuba amene ndinamunyamulira katundu ulendo wonsewu kunalibe. Panali munthu mmodzi yekha wolakwa, yemwe anasiya kapepala m'malaya.

Tsopano ndikufunseni. N'chifukwa chiyani chinthu chikakanika, maso athu amathamangira kwa wosunga makiyi? Amene anatumiza mamonita sanafunse kuti makompyuta athu ndi otani kumbuyo. Sitinawakayikire, poti ndi opereka. Wogulitsa uja ananena kuti zikwana asanandifunse kuti chakale n'chiti, chatsopano n'chiti. Sitinamukayikire, poti anamwetulira. Ine wogula sindinadzikayikire ngakhale pang'ono. Tonse tinalumpha n'kukagwera munthu yekhayo amene ananena zoona tsiku loyamba.

Ndipo musaganize kuti ndi sukulu yathu yokha. Lowani m'maofesi ndi m'zipatala zing'onozing'ono, muone makatoni a zipangizo zatsopano ali pakona, akudikira kachingwe kamene palibe anakaganizira. Funsani kuti zinatani. Simudzamva kuti ogula sanayang'ane kumbuyo kwa makina. Mudzamva kunong'ona kuti kalaliki uja ndi wa zala zazitali.

Ine kukayikira sindinasiye, ndipo sindikukuuzani kuti musiye. Wogulitsa akati "zikwana", mukayikireni. Jambulani kumbuyo kwa kompyuta ndi kwa monita pafoni, mumuonetse. Funsani kuti chithunzi chikuchokera kuti, chikupita kuti. Ayese pomwepo inu mukuona. Kulowa kwa chingwe si umboni wa kanthu.

Lachisanu tinakumana. Ndinaimirira, ndinafotokoza zonse, ndinapepesa. Tinayatsa kompyuta ija ndi adaputa yobwereka kwa Nyagondwe, komiti yonse n'kuona ikuwala. A Mkandawire anapinda pepala limene linayenera kukhala kalata, n'kunena kuti basi nkhani yatha, tiiwale. Kumbuyo wina ananong'ona kuti kaya, mwina anabwezeramo atamva kuti kukubwera kalata. Fumbi la zaka lija ndinaliona ndekha, nanga ndikanalinyamula kudzawaonetsa?

A Msowoya sanakalipe. Anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi atatu omangidwa pakachingwe kofiira, n'kuwaika patebulo.

"Yewo, adada, mwachita bwino kunena," anatero akuyang'ana ine. "Koma mwana wanga anabwera kunyumba akulira, anzake akumutcha mwana wa wakuba. Kuphunzitsa ndiphunzitsa. Makiyiwa asunge wina."

Tinayang'anana. Aphunzitsi ena anayang'ana pansi. Palibe anatambasula dzanja.

Ma adaputa oyenera afika dzulo, asanu ndi atatu onse, ndipo ndawayesa ndekha kwa Nyagondwe imodziimodzi. Koma chipinda chija n'chotseka, makiyi ali m'dirowa ya ahedi. M'mawa uno mwana wanga wandifunsa kuti ayamba liti kuphunziranso kompyuta. Inu amene munagwedeza mutu limodzi nane, ndimuyankhe chiyani?