Beseni la ba Ennie

Ba Ennie a ku Kanyama sanalembedwepo ntchito pachipatala, koma makomo ambiri m'dera lawo amawadziwa manja awo. Zaka zimene Edzi inkatha anthu, ankafunditsa tomato wawo pamsika masana n'kunyamula beseni ndi sopo. Ankachapa zofunda za odwala, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala. Malipiro ake anali "zikomo", ndipo ena ankapita asanamunene.

Mankhwala analipo, koma osati a anthu a ku Kanyama. Lamulo linkalola kampani yokhayo imene inawatulukira kuti iwapange, mtengo n'kumaika yokha. Anthu a m'mayiko ambiri analimbana nazo mpaka makampani ena anayamba kupanga omwewo motchipa, ndipo mankhwalawo anafika pakiliniki.

Anapeza ba Levy, wokonza mawailesi woyandikana nyumba ndi ba Ennie, atangotsala mafupa. Achibale anali atayamba kutulutsa mipando panja ngati maliro achitika kale. Koma ba Levy anawakana mapiritsiwo. Ntchito yawo inawaphunzitsa kuti chotchipa n'chachinyengo.

"Ni gong'a ivi, ba Ennie. Batire yochipa ukagula lelo, imafa mailo. Vodula vija ndiye va zoona."

"Vodulavo munavionapo kuti, ba Levy? Vibweretseni tivione."

Ba Levy anatembenukira kukhoma.

Ba Ennie anatuluka, nalanda mpando m'manja mwa mlamu wa wodwalayo, naubwezera m'nyumba. Anakhalapo, kapu ya madzi ili m'manja.

"Sinichoka pano mpaka mumwe. Tomato yanga ikaola, muzadya ndimwe."

Ba Levy anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, kenako anatambasula dzanja.

Kuyambira tsikulo ba Ennie ankabwera m'mawa ndi madzulo, ngakhale mvula itadzaza njira za Kanyama mpaka m'mawondo. Ankadikira aone kuti piritsi ladutsadi pakhosi. Patapita miyezi, wailesi inamvekanso ikulira pakhonde.

Lero ba Levy ali ndi imvi ndi zidzukulu, ndipo mabatire otchipa amawanyozabe. Ba Ennie akamva za mankhwala atsopano a khansa amene lamulo lomwe lija lawatsekera kutali, amapukusa mutu. Koma popemphera saiwala kuthokoza anthu amene anamenyera mtengo uja, ngakhale sadziwa dzina la mmodzi yemwe. Beseni lija lilipobe. Masiku ano amatsukiramo tomato.