Tisitima Timene Bambo Anasiya M'shedi

Ndinadzuka kusanache, pamkeka pomwe ndinagona pakati pa amayi a pamaliro. Panja amuna anali chikhalire mozungulira moto, poti Juni wa chaka chimenecho anazizira kwambiri. Bambo anali atatisiya dzulo lake madzulo.

Ntchito yawo inali ya malata, kuseri kwa masitolo a amwenye, pafupi ndi mlatho wa Lilongwe. Ankawotcherera ndowa ndi nyali, koma mtima wawo unali pa tisitima tapanjanji takalekale toseweretsa ana, timene azungu ndi amwenye ankabweretsa kuti atikonze. Sankapaka utoto asanapeze woyambirira. Maso awo atafooka, ntchito imeneyi ndinkaigwira ndine, mwana wawo wamkazi, koma kunja sizinkadziwika.

Dzuwa likutuluka, miphika ya mpunga inali pamoto. Anthu anafika panjinga, ena wapansi kuchokera kumidzi. Kusanatenthe amuna ananyamula maliro pajeneza. Ife akazi kumanda sitipita, choncho tinaima pachipata, kuperekeza ndi maso mpaka mikanjo yoyera itakhota kumsika.

Atabwerako, amalume anatsekula shedi yomwe bambo ankagwiriramo ntchito n'kuyamba kubwezera eni ake katundu. Anati zida azitenga, ndipo ine ndipita nawo ku Salima.

Mkulu wina wa sitolo ya nsalu analandira mutu wa sitima umene mdzukulu wake anaupaka utoto wofiira wa zitseko. Mkuluyo anachoka nawo ku India ali mwana.

"Andiuzenso ndani mtundu wake weniweni?" anatero. "Ine ndinaiwala."

"Tapatseni kuno, bambo," ndinayankha.

Ndinamasula kadenga ka woyendetsa kuti ndione m'kati, momwe burashi safika. Kenako ndinanyowetsa m'mbali mwake ndi parafini n'kupala pang'onopang'ono ndi kansungwi kosongola. Pansi pa wofiirayo panatuluka wobiriwira woderako, ndi kamzere kagolide, kofanana ndendende ndi kam'katimo.

Mkuluyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ndi womwewu. Ndinkaukoka m'sitima ya pamadzi." Anaubwezera patebulo. "Mukapuma, mayi, mudzaumalize."

Ena awiri, amene anali atalandira kale tisitima tawo n'kuyamba kutuluka, anabwerera n'kutisiyanso.

Amalume anatembenukira kwa ine.

"Unaphunzira liti zimenezi?"

"Zaka zisanu tsopano, amalume."

Anapisa m'thumba. "Kiyi wa shedi nayu. Zina tidzakamba pa sadaka."

Madzulo anthu atabalalika, pakhomo panangoti zii. Azakhali anagona msanga. Ndinasesa phulusa pabwalo, ndinaviika maburashi a bambo m'parafini kuti asaume, ndinakhoma shedi, kiyi n'kumumanga kunsonga ya chitenje.