Mwala Umene Rigoberto Anakanirapo Bambo Ake

Tsiku lomaliza limene Rigoberto Xol anaona bambo ake ali moyo, ananena kuti sakuwadziwa.

Inu ofuna mawu olimbikitsa, pirirani pang'ono. Nkhani iyi ikuyambira pansi penipeni.

Anali m'chaka choyamba pakoleji ku Flores. Kalasi yawo inakwera basi kukaona mabwinja a Amaya, anthu akale a dzikolo, m'nkhalango, ulendo wa tsiku limodzi, woperekeza alendo ali patsogolo ndi kambendera kake. Rigoberto anali asanauzepo aliyense kuti anakulira m'kamudzi ka kuseri kwa mabwinjawo, kapena kuti bambo ake, a Mateo, atha zaka makumi awiri akudula udzu ndi mizu pamakwerero a akachisi.

Anawapeza pabwalo lalikulu, malaya atanyowa ndi thukuta, jombo zitang'ambika. Woperekeza uja anawakodola.

"Madala, tawaonetsani ana asukuluwa matsenga anu aja."

A Mateo anaima pamwala wina wophwatalala, naomba m'manja kamodzi. Kachisi anayankha ngati kulira kwa mbalame ya ketsali. Ambiri amayesa, koma mbalameyo imalira bwino pamwala umenewo pokha, ndipo a Mateo anaupeza okha.

"Bwerezani, agogo!" anakuwa Nery, mnzake wa Rigoberto. "Anyani a m'mitengomu akatopa kutisangalatsa, muzilowa ndinu!"

Onse anaseka. Apo m'pamene a Mateo anamuona mwana wawo. Nkhope yawo inawala. Anatulutsa kansalu komangamo matotiya, timikate topyapyala ta chimanga, ndi nyemba, chakudya chawo chamasana, namulankhula m'Chikekchi, chilankhulo cha kunyumba.

"Rigo, mwanawe, wadya?"

"Iwe, ukudziwana nawo?" anafunsa Nery.

"Ayi," Rigoberto anayankha m'Chisipanishi. "Akundifanizira ndi wina."

A Mateo sanatsutse. Anabweza kansalu kaja m'thumba pang'onopang'ono.

"Pepani, bwana," anatero, natola chikwanje chawo.

Patapita masabata atatu, njoka inawaluma ali pantchito. Anatsirizikira m'njira yopita kuchipatala.

Rigoberto sanabwererenso kukoleji. Anthu ankati ndi umphawi, iye n'kuwasiya aziganiza choncho. Miyezi isanu anangogona chagada kuyang'ana denga, mpaka tsiku lina mayi ake, a Dominga, anamuponyera chikwanje chija pamapazi.

"Ukuyesa sindikudziwa? Bambo ako anandiuza tsiku lomwelo."

Rigoberto anazolika.

"Ukudziwa anati chiyani? Anati, 'Dominga, mwana wathu uja Chisipanishi chake n'chokoma bwanji!' Dzuka. Udzu sudikira maliro."

Anadzuka. Anakapempha ntchito ya bambo ake. Manja a cholembera anatuluka matuza, matuza anaphulika, pamalo pake panamera zikang'a. A Macario, mnzawo wa malemuyo, ankamuseka.

"Profesa, mukudula udzu kapena mukuupesa?"

Koma anamuphunzitsa: mtengo uti umatulutsa utomoni, manda ati ndi a mfumu iti, njoka imakonda kubisala pati. Masana anzake akapuma, iye ankatsegula mabuku pansi pa mtengo. Analemba mayeso a operekeza alendo, analephera. Analembanso, Chingerezi chinamugwetsa. Anayamba kupereka moni kwa mlendo aliyense m'Chingerezi, kupunthwitsa lilime lake mpaka linawongoka. Kachitatu, patatha zaka zinayi, anakhoza.

Gulu lake loyamba linali la ana akoleji. Atafika pabwalo lija anapeza a Macario akusesa, msana utapindika.

"Bwana woperekeza," anatero mnyamata wina, "agogowa nawonso ndi gawo la mabwinja?"

Kuseka kunabuka. Rigoberto akanatha kumwetulira n'kupitirira. Linali tsiku loyamba, ndipo alendo sadzudzulidwa. Anakwera pamwala uja.

"Awa ndi a Macario. Apatseni moni."

Ana aja anapereka moni, mawu ali pansi.

"Mwala uwu anaupeza ndi bambo anga, a Mateo Xol, odula udzu. Ananditumiza kukoleji ndi chikwanje. Ine ndinawakana, nditaima pamene waimapo iwepo, mng'ono wanga."

Rigoberto anaomba m'manja kamodzi. Mbalame inalira. Palibe anaseka. A Macario anavula chipewa, kenako anapitiriza kusesa.

Sindikunamizani kuti manyazi anatha. Sanathe. Rigoberto amakwera nawo makwerero tsiku lililonse, ndipo gulu lililonse limene amaliperekeza limachoka litamva dzina la Mateo Xol. Lero alendo amachita kufuna Rigoberto pomutchula dzina pachipata. Zimenezo sizibweza kansalu kaja.

Inu amene munagwa chifukwa cha zochita zanu zomwe, popanda woti mum'loze chala, dzukani ndithu. Manyazi amalemera, koma amanyamulika. Osataya mtima. Ndipo ngati amene anakulerani akadali moyo, akakufunsani ngati mwadya, ayankheni m'chilankhulo chimene akufunsirani.

A Mateo Xol anamwalira pa 9 Malichi 2017.